Nkhukundembo ya Mr. Bean musaipatse malikisi onse

Mukafunsa anthu khumi kuti pa masewero onse a Mr. Bean lomwe lidawaseketsa koposa ndi liti, ambiri sachita kuganiza kawiri: lija adalowetsa mutu m'nkhukundembo n'kumadzandira nayo m'nyumba. Otsalawo amati lija adakhala pampando wa sofa pamwamba pa galimoto n'kumawongolera ndi zingwe. Pa intaneti, pomwe anthu amachonga gawo lililonse pa 10 ngati aphunzitsi a sitandade 8, nkhani ndi yomweyo. Gawo la Khrisimasi ndi lomwe amakonda kulitchula poyamba, ndipo chithunzi chomwe amaika pamwamba ndi cha munthu wovala nkhukundembo kumutu.

Ine ndikukana. Ndidaseka nawo, ndipo ndikaoneranso ndimasekabe, koma kuchuluka kwa phwete pakokha sikokwanira kuti chinthu chitenge malikisi onse. Munthu akaterereka pamatope anthu amaseka, koma palibe amene amati iyeyo ndi katswiri wa zisudzo.

Tiyambe tawerenga kaye, chifukwa ambiri amayesa kuti masewerowa alipo mazanamazana. Chomwe chimasokoneza ndi makatuni omwe adayamba mu 2002, mafilimu awiri a mu 1997 ndi 2007, komanso tizidutswa tomwe timazungulira pa Facebook ndi pa YouTube. Magawo enieni, omwe Rowan Atkinson adasewera ndi thupi lake pa kanema, alipo 15 basi. Loyamba lidaonetsedwa pa ITV ku Britain pa 1 January 1990, lomaliza mu December 1995, ndipo lomalizalo kwenikweni ndi lotolera zomwe zidaoneka kale. Ndiye titi 14, lililonse la mphindi pafupifupi 25. Mutati mukhale pansi m'mawa mutamwa tiyi, pofika masana mwamaliza zonse. Munthu yemwe amadziwika mpaka kumudzi komwe magetsi sadafike adamangidwa ndi maola osakwana 6.

Kuno kwathu sitidamuonere m'ndondomeko yomwe a ku Britain adamuonera. Television Malawi idayamba mu 1999, masewerowa atatha kale. Ambirife Mr. Bean tidakumana naye m'mavidiyo a pamsika, tepi yake itagwiragwira mizere, mwini vidiyo akuiika kuti anthu asatuluke podikira filimu ya karate. Kenaka adabwera pa ma DVD, m'mabasi a maulendo ataliatali, m'malo ometera tsitsi, mpaka m'mafoni kudzera kwa anyamata obena nyimbo. Mayina a magawo sitinkawadziwa ndipo sitinkawafuna. Tinkangoti lija la kutchalitchi, lija la mayeso, lija la kwa dokotala wa mano.

Kaonedwe kameneka ndi kolondola kuposa ka ochonga a pa intaneti. Gawo la Mr. Bean si nkhani imodzi yoyamba n'kutha. Ndi timasewero titatu, tinayi kapena tisanu tomangidwa pamodzi, kawirikawiri topanda chibale. Mu "The Return of Mr. Bean", gawo lachiwiri la mu November 1990, muli zogula zinthu m'sitolo yaikulu, muli za m'lesitilanti, muli zodikira kupereka moni kwa mayi wa banja lachifumu. Kupereka 8 pa 10 pa zonsezi pamodzi kuli ngati kulawa nsima, ndiwo ndi thobwa n'kunena kuti chakudya chakoma pang'ono. Chakoma n'chiti, nanga chaperewera mchere n'chiti? Wochonga woona aziona kasewero kalikonse pakokha.

Muyezo wanga ndi manyazi. Mr. Bean amafika pachimake vuto lake likakhala laling'ono kwambiri, loti munthu wina aliyense akadalithetsa ndi mawu awiri, koma iye akulephera kunena mawuwo chifukwa pali wina akumuyang'ana.

Taonani za m'lesitilanti zija. Ndi tsiku lake lobadwa, ali yekha. Walemba yekha khadi lodzifunira mafuno abwino, walitsegula yekha, wachita ngati wadabwa, n'kuliimika patebulo kuti oyandikana naye aone kuti alipo omukumbukira. Wawerenga ndalama zake, wayang'ana mitengo, waitanitsa steak tartare osadziwa kuti ndi nyama yogaya yaiwisi. Mbale itafika, njira inali yapafupi: bambo, pepani, sindimadziwa, ndisinthireni. Koma kutero ndi kuvomera pamaso pa weta ndi anthu ovala bwino kuti malo ano si ake. Ndiye akumwetulira, akugwedeza mutu kuti chakoma, weta akangotembenuka iye akuyamba kubisa nyamayo. Ina m'mbale yotayiramo phulusa la fodya, ina m'kabotolo ka maluwa, ina m'kati mwa banzi lomwe walikolowola, ina pansi pa mbale, ina m'shuga, ina m'thalauza la woyimba vayolini, ina m'chikwama cha mayi wa patebulo lina. Malo aliwonse obisapo akubala vuto latsopano, ndipo woonera akudziwa kuti malo akutha pomwe nyama ikadalipo. Mwamwayi weta wina akupunthwa n'kugwetsera zinthu patebulopo, Bean akupezerapo mpata woloza nyama yomwazikayo ngati kuti wamwaza ndi wetayo. Wapulumuka. Bwana wa malowo akupepesa, akumusamutsira patebulo labwino, ndipo pofuna kumupukuta misozi akumubweretsera steak tartare ina.

Apa ndiye pa 10 pa 10. Palibe chaphulika, palibe galimoto, palibe kuthamanga. Pali munthu, mbale ndi maso a anthu. Ambirife steak tartare sitidaionepo, koma palibe adafunsa kuti chikuchitika n'chiyani, chifukwa aliyense adakhalapo mlendo kwa apongozi kapena kwa abwana atapatsidwa chakudya chomwe sichikutsika kukhosi, mwini nyumba ali pambali kufunsa ngati akuwonjezere. Ine ndidabisapo chidutswa cha nyama yosapsa m'thumba la jekete paukwati wina, ndipo ndidachikumbukira patapita masiku atatu. Poseka Bean timaseka modziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Za kutchalitchi, zomwe zidatseka gawo loyamba, zili pamuyezo womwewo, mwinanso kuposa. Bean wakhala pafupi ndi bambo wodzilemekeza, yemwe adaseweredwa ndi Richard Briers. Ulaliki ukumveka ngati kulira kwa njuchi, mawu ake osagwirika. Bean wayetsemula alibe mpango, waminira m'nsalu ya m'thumba la jekete. Tulo tamugwira, akutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kugwada pansi mutu uli pasimenti. Nyimbo sakuidziwa, mnzakeyo akumumana buku, ndiye akung'ung'udza mavesi onse n'kumadzakuwa pa Aleluya pokha. Kenaka siwiti. Akufuna aidye mwakabisira, yagwera m'malaya, akuisaka nyimbo ili m'kati, ndipo poopa kugwidwa akuiponya m'thumba lija adaminiramo. Zomwe zidadzalidwa kumayambiriro zakololedwa kumapeto. Uku ndiye kulemba, ndipo apa m'pomwe dzanja la Richard Curtis, yemwe adalemba limodzi ndi Atkinson, limaonekera. Komanso onani ntchito ya Briers. Sachita chilichonse choseketsa, amangotembenuza khosi n'kuyang'ana. Mutamuchotsa pabenchipo, Bean angodya siwiti yake mwamtendere, sewero palibe.

Za mayeso m'gawo lomwelo ndimazipatsa 9. Wawerenga trigonometry yokha, pepala lomwe watulutsa mu envelopu ndi la calculus, watha nthawi yonse akuyesa kubera kwa mnzake, ndipo kutatsala mphindi ziwiri ndi pomwe akumva kuti mapepala anali awiri mu envelopumo. Aliyense amene adalembapo MSCE amamva kuzizira m'mimba. Ndachotsapo imodzi chifukwa nthabwala ya zolembera zambirimbiri imatalika pang'ono. Gawo loyambali lidapata mphotho ya mapulogalamu a pa kanema ya Rose d'Or ku Montreux, ku Switzerland, mu 1990, ndipo oweruzawo sadalakwitse.

Tsopano tiike nkhukundembo pasikelo yomweyi. Mu "Merry Christmas, Mr. Bean", ya mu December 1992, Bean akulonga zokometsera m'mimba mwa nkhukundembo yaikulu, wotchi yake yatsalira m'katimo, walowetsa mutu kuti aione, mutu wakanirira. Chithunzicho n'choseketsa, palibe angatsutse. Koma chimatha pomwe chayambira. Mukaona munthu wamutu wa nkhukundembo mwaona zonse, zotsatirazo ndi kuwombana ndi zipupa. Manyazi alipo pang'ono pomwe chibwenzi chake Irma Gobb walowa ndipo Bean akuyesa kudziphimba ndi nsalu, koma chomwe tikuseka ndi chinyama chija, osati maganizo a munthu, pakuti nkhope ya Atkinson, chida chake chachikulu, yabisika. Ndi nthabwala yoti wina aliyense wolimba khosi akhoza kuichita, ndipo umboni wake ndi wakuti sewero la ku America la Friends lidachitanso zofanana mu 1998 n'kuseketsa anthu chimodzimodzi. Yesani kupereka za siwiti ya m'tchalitchi kwa wosewera wina muone ngati zingayende. Nkhukundembo ndimaipatsa 6.

Chondipweteka n'chakuti nkhukundemboyi imaphimba zabwino zenizeni za gawo lomwelo. Irma, yemwe adaseweredwa ndi Matilda Ziegler, wamulozera mphete pawindo la sitolo. Bean wagwedeza mutu kuti wamva. Tsiku la Khrisimasi akumupatsa mphatso: chithunzi cha mwamuna ndi mkazi chomwe chinali pafupi ndi mpheteyo pawindo paja, poyesa kuti ndi chomwe ankaloza. Mtsikana akulira. Bean akukumbuka kuti pali kabokosi kena kakang'ono, nkhope ya Irma ikuwala, akutsegula, akupeza kachitsulo kokolekera chithunzicho pakhoma. Akutuluka osabweranso, Bean watsala wosadziwa chomwe walakwa. Muli nkhanza m'menemu, muli chisoni, ndipo zonse zikuchokera mu khalidwe la munthuyo. Atkinson mwiniwake amamufotokoza Bean ngati mwana wokhala m'thupi la munthu wamkulu, ndipo palibe malo ena pomwe mawuwa amaoneka bwino kuposa apa. M'gawo lomweli akudzitumizira yekha makhadi a Khrisimasi, akupachika sokosi yake, ya chidole chake Teddy ndi kena kakang'ono ka mbewa ya m'nyumba. Ana oyimba nyimbo za Khrisimasi afika pakhomo, iye akukoka mpando, akuwamvetsera akudya chokoleti, akatha akuwatsekera chitseko osawapatsa kanthu. Ngati gawoli liyenera kukhala pamwamba, likhale chifukwa cha mphete.

Chimodzimodzi "Do-It-Yourself Mr. Bean" ya mu January 1994. Aliyense amakumbukira mpando pamwamba pa kagalimoto kake ka Mini, zingwe kuchiwongolero, mopu ndi tsache zopondera mafuta ndi mabuleki. Ndi luso, inde, ndipo Atkinson, yemwe adaphunzira zamagetsi ku Newcastle ndi ku Oxford asadalowe m'zisudzo, amakonda zamakina ndi magalimoto. Koma pamenepo timaombera m'manja anthu omwe adakonza galimotoyo kuti iyende. Ndi 7. Chomwe chimandikhalira mumtima chili kumayambiriro kwa gawolo: phwando lolowera chaka chatsopano lomwe kwabwera anthu awiri okha, Rupert ndi Hubert. Zakudya zatha zisadayambe, Bean akuwapatsa timitengo toviika mu Marmite (chopaka pabuledi chakuda chamchere) ndi viniga wothira shuga m'malo mwa vinyo. Iye atapita kukhitchini, alendowo akusuntha wotchi kuti ikwane 12 koloko, akuyimba naye mwachangu, akutsanzika kuti atopa, n'kukalowa kuphwando la nyumba yoyandikana nayo. Bean ali pabedi, akumva khamu likuwerengera masekondi a chaka chatsopano chenicheni. Kumeneko ndi 9, ndipo palibe amaika chithunzi chake pamwamba pa mndandanda.

Ndikudziwa zomwe ena anganene. Adzati iwe ndiwe yani woti uphunzitse anthu kuseka? Mwana wa zaka zisanu akagubuduka ndi phwete poona nkhukundembo, walakwa? Sadalakwe. Ndipo ndivomere kuti anthu ambiri ali mbali yawo: gawo lomwe lidaoneredwa ndi anthu ochuluka koposa ku Britain, 18.74 miliyoni, ndi "The Trouble with Mr. Bean" la pa 1 January 1992, ndipo chomwe chimakumbukika m'menemo ndi kuvalira m'galimoto ikuyenda, kutsuka mano ndi madzi otsukira galasi. Anthu amakonda zooneka. Koma chiwerengero cha oonera chimangotiuza kuti ndi angati adakhala pansi usiku umenewo, tsiku la tchuthi m'nyengo yozizira, asadadziwe n'komwe zomwe zili m'gawolo. Adabwera chifukwa cha zomwe adaona m'magawo anayi oyamba. Ndipo munthu akasankha kuchonga, wavomera kuti pali china choposa kufunsa ngati adaseka. Apo ayi angolemba 10 paliponse n'kupita kukagona.

Pali chinanso chomwe chimasokoneza malikisi a pa intaneti: anthu amachonga zikumbukiro zawo, osati sewero. Gawo la Khrisimasi limabwerezedwa chaka ndi chaka, anthu amalionera ali ndi abale awo, atakhuta. Malikisiwo akupita kwa agogo omwe adamwalira ndi fungo la chakudya cha tsikulo. Inenso ndili nalo vutoli. Za sangweji ya pabenchi mu "The Curse of Mr. Bean", pomwe akudula buledi ndi sizasi, kupaka batala ndi khadi la kubanki, kuumitsa letesi m'sokosi ndi kupangira tiyi m'botolo lofunditsira pabedi, ndidaziona koyamba ndili ndi mchimwene wanga, ndipo sindingathe kuzipatsa zochepera 9. Komabe ndikaziyesa ndi muyezo wanga zikukwana: pali bambo wa suti pambali, Angus Deayton, akudya sangweji yake yogula mwakachetechete n'kumayang'ana, ndipo pamapeto zonse zitatayika ndi kuyetsemula kumodzi, akumugawira Bean theka la yake.

Zoti masewerowa alibe mawu ambiri zimatchulidwa kawirikawiri ngati chifukwa chomwe adafalikira dziko lonse, ndipo n'zoona. Atkinson adakamuyesa munthuyu mu 1987 ku Montreal, ku Canada, pachikondwerero cha nthabwala cha Just for Laughs, pamaso pa anthu olankhula Chifalansa, kuti aone ngati angaseke popanda chilankhulo. Amanenanso poyera kuti adatengera zambiri kwa Jacques Tati, wazisudzo wa ku France. Ife tidakula ndi nthabwala za pakamwa, za Izeki ndi Jakobo, zomwe mphamvu yake ili m'kuyankhana ndi kupotoza mawu, zoti mukazimasulira m'chilankhulo china zimafa. Bean adalowa pakhomo lina. Koma kusalankhula pakokha si luso. Chete wa Bean amagwira ntchito pomwe pali chifukwa chokhalira chete: m'tchalitchi, m'chipinda cha mayeso, pamzere wodikira mlendo wolemekezeka, malo omwe aliyense amayenera kunong'ona. Mukamutulutsa panja, pabwalo lalikulu pomwe akhoza kukuwa, chete uja amasanduka chizolowezi chabe.

N'chifukwa chake magawo a kumapeto amatsika. "Mind the Baby, Mr. Bean", lomwe lidachedwa kuonetsedwa mpaka mu April 1994, ndi lomwe ndimaliika pansi pa onse. Ngolo ya mwana yakodwa kumbuyo kwa galimoto yake, wapezeka ali ndi khanda la eni kumalo a masewera ku Southsea, ndipo pamapeto ngoloyo ikuuluka ndi mabaluni. Vuto lakula kuposa munthu, ndipo woonera yemwe adaberekapo sakuseka, akuganiza za mayi wa mwanayo. Ndi 4. Za gofu mu "Tee Off, Mr. Bean" ya mu 1995, pomwe akutsatira kampira tauni yonse, ndi nthabwala imodzi yokokedwa ngati mphira mpaka kutsala pang'ono kuduka. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada: olemba ataona kuti zazikulu zikukondedwa, adapitiriza kukulitsa, manyazi aja n'kumachepa.

Ena amati vuto la magawo omaliza ndi lakuti Bean adayamba nkhanza. Apa sindigwirizana nawo. Bean anali wodzikonda kuyambira tsiku loyamba. Funsani woyendetsa kagalimoto ka buluu ka matayala atatu, Reliant ija, yemwe ankagwetsedwa mumsewu popanda chifukwa. Ndipo kasewero kabwino koposa ka mu 1995 ndi kankhanza zedi. Mu "Goodnight Mr. Bean" wafika kuchipatala dzanja litakanirira m'tipoti, akulanda mpando, akuyambanitsa anthu pamzere kuti adutse, akusinthanitsa nambala yake ndi ya wodwala womangidwa mabandeji thupi lonse yemwe sangathe kudandaula. Aliyense amene adafikapo pachipatala m'bandakucha n'kupeza mzere utazungulira kale amadziwa maganizo amenewo, ngakhale sadawachitepo. Bean amachita zomwe ife timangoziganiza, n'kumayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina wamuona. Ndi 8 wopanda kukangana.

Pali kamphindi kamodzi ka zazikulu komwe ndimagonja. Mu "Back to School Mr. Bean" ya mu October 1994, wafika pasukulu tsiku loonetsa zinthu, wapeza Mini yofanana ndi yake itaimikidwa pamalo osungidwa, waikankhira kwina n'kuikapo yake. Sakudziwa kuti galimotoyo idaikidwa dala kuti kasinja wa asilikali aipondereze poonetsa mphamvu zake. Akutuluka keke ili m'manja, kasinja akudutsa, Mini yake yaphwatalala ngati chitini. Keke ikugwa pansi. Kwa kanthawi kasewero kakusiya kuseketsa, Bean akuyenda pang'onopang'ono kupita pa zitsulozo, nkhope yake ngati ya mwana yemwe wabwera kusukulu n'kupeza nkhuku yake yaphedwera alendo. Tsokali wadziitanira yekha ndi kuchenjera kwake, ndipo khamu lonse likuona. Akufufuza m'zophwanyikazo, akupeza loko yemwe ankakhomera chitseko cha galimotoyo ali bwinobwino, akumutola n'kumapita. Gawo lonselo ndi la 6, koma mphindi ziwiri zimenezo ndimaziika pambali pa mbale ya nyama yaiwisi.